Timatumba Takuda mu Mtengo wa Malichi

Dangamvura, Mutare
16 Sepitembala 2007

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi kufunsa za mwendo wanu uja unkatupa pamene ndinkanyamuka. Kodi waphwa? Nanga achemwali a Ratidzo ndi ana adzuka bwanji? Ine kuno ndili bwino, chimfine chimene ndinafika nacho chinatha.

Kalatayi ndapatsira a Loice, amayi aja amapikula zitenje ku Limbe. Mulandire kwa iwo sopo mipiringidzo iwiri, botolo la mafuta ophikira ndi marandi makumi asanu. Marandiwo musadye, musungire feteleza makuponi akatuluka. Mai Makaiko, amene ndikuwagwirira ntchito, amandilipira katundu chifukwa ndalama za kuno zimafera m'manja. Zogulira buledi lero, sabata yamawa sizikwana machesi. Iwo ndi amasiye, amuna awo anali a dziko la kwathu, a ku Ntcheu, ankagwira ntchito ya njanji. Amapita ku Chimoio kukatenga mpunga ndi mafuta odzagulitsa, ine n'kumasunga nyumba. Si ankhanza ayi. Ndili ndi kachipinda kanga kokhala ndi chitseko chotsekeka. Ntchito ngati iyi sindingaipezenso, poti mukudziwa kuti chitupa ndilibe, ndiye ndikuigwira ndi manja awiri.

Magetsi amazima m'mawa n'kubwera anthu atagona, choncho aliyense akuphikira nkhuni. Phiri la kuseri kwathu lametedwa mpala, ndipo tsopano anthu ayamba kugwetsa mitengo ya pakhomo pawo. A nyumba yoyang'anana nafe agwetsa wa mapeyala, wobereka ndithu. Mumsewu wathu wonse watsala mtengo waukulu umodzi wokha, wa malichi, umene anabzala malemu amuna awo a Mai Makaiko. Uli pangodya ya mpanda. Nthambi zina zili kwathu, zina zaphimba msewu, zina zalowa kwa Mai Danai amene tayandikana nawo. Mphepo ya fumbi ikabwera, nyumba ziwirizi zokha ndi zimene zovala zimauma zili zoyera.

Mpopi umene umayamba kutulutsa madzi uli pafupi ndi geti lathu, ndiye amayi onse amadikirira pansi pa mtengowu ndi zidebe zawo. Ine amanditchula Mubhurandaya, ndiye kuti munthu wa ku Blantyre. Chishona ndimachimva bwino, koma ndikalankhula amati chikununkha usipa. Mai Danai amati, "Iwe Mubhurandaya, talankhula timve, kapena lilime anakulanda pa boda?" Onse amaseka, inenso ndimasekera m'manja. Mwana wawo Danai, kamtsikana ka zaka zinayi, kamanditsatira ndikamasesa. Amuna awo, a Chrispen, amagulitsa nkhuni. Akamadutsa amamenya thunthu ndi dzanja n'kunena kuti, "Ambuya, apa pali mawilibala makumi awiri, mukungowasiyira mbalame." Mai Makaiko amayankha kuti, "Udzayambe wadula ine."

Amayi, mukukumbukira mmene abambo ankachulukitsira malichi pa famu ija ya ku Burma Valley tisanathamangitsidwe? Ankasenda khungwa la nthambi mozungulira ngati mphete, n'kumata dothi lonyowa losakaniza ndi utuchi, n'kukulunga ndi pulasitiki. Pakapita miyezi itatu mizu imatuluka nthambi ikadali m'mwamba, ndiye umadula n'kubzala. Ine ndinkawagwirira chingwe. Ndayesa zomwezo. Ndamanga timatumba tisanu ndi tiwiri ndi majumbo akuda. Chingwe ndinalibe, ndiye ndinang'amba mpango wanga wofiira uja. Ndinakwera m'bandakucha anthu asanadzuke, chifukwa mtsikana wamkulu kuonedwa mumtengo n'zochititsa manyazi. Sindinauze munthu. Ndikanena lero kenako zikanike, adzandiseka mpaka chaka chamawa. Zikamera ndidzagawira onse amene anagwetsa mitengo yawo.

Mupereke moni kwa onse a pakhomo.

Ndine mwana wanu,
Joyleen


Dangamvura
21 Okutobala 2007

Okondedwa Amayi,

Ndayamika mawu amene munawauza a Loice, ndipo ndakondwa kuti mwendo waphwa. Musayambe msanga kupita kudimba. Ine thupi lili bwino, kungoti tulo sindikulipeza bwino chifukwa cha kutentha.

Ulendo uno ndatumiza shuga paketi imodzi ndi sopo mmodzi basi. Mai Makaiko anapita ku Chimoio ndipo achedwerako, akuti katundu wawo wagwidwa pa boda. Ndili ndekha pakhomo. Mbuzi ija musagulitse ngakhale alamu akukakamizeni. Udzu wofolera uwo achemwali auike pamwamba, chiswe chingaudye.

Danai akudwala. Anayamba ndi kutsegula m'mimba, tsopano chilichonse chimene wadya chikubwerera. Ndinaphika phala lothira shuga wanga n'kupita nalo. Mai Danai anaima pakhomo osandilowetsa. Anati mwana wagona. Ndinamumva akulira mkati. Phalalo ndinalipeza litatayidwa m'ngalande, mbale yake ili pa geti lathu.

Pali chinthu chimene chikundidabwitsa. Dzuwa la mwezi uno mukulidziwa, ngakhale nkhuku zimayasamula. Koma amayi a pampopi asiya kukhala pansi pa mtengo. Akukhala tsidya lina la msewu, padzuwa penipeni, atafunda zitenje kumutu, ana ali kumsana. Mthunzi uli pomwepo wopanda munthu. Ndikatuluka ndi chidebe nkhani zimatha. Palibenso wondiseka za lilime langa. Ndinkadana nako kusekedwa kuja, koma lero ndikukulakalaka.

Dzulo m'mawa ndinapeza mchere utawazidwa pa geti, mzere woongoka kuchokera nsanamira iyi kufika inayo. Mchere umene ukusowa chonchi. Ndinasesa. Sindikudziwa ngati ndinachita bwino kusesa.

Pali zina zimene ndikanakufunsani tikanakhala pamphasa imodzi. Koma ichi chokha mundiyankhe: pamene abambo ankamanga nthambi pa famu paja, alipo amene anawanenapo zoipa?

Musadandaule nane. Chitseko changa chimatsekeka bwino.

Mwana wanu,
Joyleen


Dangamvura
11 Novembala 2007

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira Mulungu akukusungani pamodzi ndi achemwali ndi ana. Ine ndili moyo. Kalatayi muwerenge nokha, musapatse mwana wa sukulu kuti akuwerengereni ngakhale maso atavuta.

Tsopano ndadziwa chifukwa cha mchere uja. Mwana wina anaona kathumba kakuda komangidwa ndi nsalu yofiira pa nthambi imene ili pamwamba pa khomo la Mai Danai. Kenako anapeza tina. Wina anakumbukira kuti anandiona ndikutsika mumtengo kusanache. Akuti ndamanga mwana.

Loweruka lapitali kunabwera mneneri wa mpingo wa zovala zoyera, umene kuno amati mapositori. Anazungulira mtengo ndi ndodo yake akung'ung'udza, anthu atadzaza msewu. Anandiitana. Ndinaima pa geti. Ndinafuna kufotokoza zonse mmene ndinakulemberani, koma ndikachita mantha Chishona chimathawa, pakamwa pamatsala Chichewa chokha, ndipo Chichewacho chinkangowonjezera moto. Ndinangokwanitsa kunena kuti ndi mbande, zidzamera.

A Chrispen anaseka. Anati, "Mwamva? Kwawo mitengo imamera m'mwamba ngati mileme. Ife opusa timabzala pansi." Anakwera, anadula kathumba kamodzi ndi nthambi yake, n'kukang'amba ndi mpeni pamaso pa onse. Amayi, nthawi inali isanakwane. Munalibe muzu ngakhale umodzi. Munali dothi lakuda lonunkha chinyezi, ndi bala lija la pa khungwa litatupa. Mayi wina anakuwa kuti, "Taonani, waidula pakhosi!" Mai Danai sanakuwe. Anangondiyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Ndinkakusiyira mwana wanga." Mawu amenewo ndi amene akundilepheretsa kudya.

A Chrispen anafunsanso kuti, "Kodi chitupa chako chili kuti, chemwali? Kapena tikafunse limodzi ku polisi?"

Mwamwayi Mai Makaiko anafika tsiku lomwelo madzulo. Atamva anakhala pa thumba la mpunga osavula nsapato. Sanandimenye. Anati, "Zaka makumi atatu ndili mumsewu uno. Ndinasiya kulankhula chilankhulo cha amuna anga panja, ndinasiya zonse, mpaka anthu anaiwala kuti nyumba ino ndi ya Mabhurandaya. Iwe miyezi inayi yokha wawakumbutsa." Ndinawafotokozera za abambo. Anati akundikhulupirira, koma kukhulupirira kwawo sikuchiritsa mwana. Anandifunsa chifukwa chimene sindinawauze poyamba. Ndinangowapepesa.

Anthu akufuna mtengo ugwe. Mai Makaiko anawapempha kuti adikire malichi apse kaye, poti ndi amene amawagulira chakudya cha Januwale. Avomera. Zipatso zikatha, a Chrispen adzadula, nkhuni n'zawo. Za ine sananene. Akuti aona mmene mwana akhalire.

Choncho Amayi, mukamapemphera muzitchula dzina la Danai musanatchule langa.

Ndatumiza mpunga pang'ono ndi marandi makumi awiri. Ngati makuponi atuluka, achemwali akalembetse dzina lanu, asadikire alamu.

Ine wanu,
Joyleen


Dangamvura
2 Disembala 2007

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndikulemba mofulumira, a Loice aima pa geti ndipo sakufuna kulowa.

Danai anamutengera kuchipatala. Akuti ali pa diripi, ndipo mankhwala ena akuchita kukagula okha ku tauni. Nyumba yawo ndi yotseka. Kombi, minibasi ya kuno, ikaima pa kona ndimasiya chimene ndagwira n'kumvetsera ngati kukubwera kulira.

Mai Makaiko anandilamula kuti ndichotse timatumba tonse, masana, iwo ataima pansi kuti anthu aone. Ndinachotsa. Titatu tinali titayamba kutulutsa timizu toyera. Ndinawaonetsa, anati nditaye m'chimbudzi msanga. Ndinataya.

Koma kamodzi katsala. Kali pamwamba kwambiri, mbali ya Mai Danai, masamba akabisa. Pochotsa paja ndinasokoneza kuwerenga. Ndakaona dzana ndikuyanika zovala. Kukwera sindingathe, maso ali ponseponse, ndipo wina akandiona adzati ndikumanganso. Kuwauza Mai Makaiko ndikuopa, ananena kale pamaso pa anthu kuti zonse zatha.

Kumsika sindikupitanso. Madzi ndikutunga onse akachoka, akakhala atatsala.

Ulendo uno palibe chimene ndatumiza, mundikhululukire. Kodi kachipinda kaja munkasungamo chimanga kadakali kopanda munthu? Ndangofunsa.

Joyleen


Dangamvura
6 Januwale 2008

Okondedwa Amayi,

Chaka chabwino kwa inu, kwa achemwali ndi ana onse. Ndamva kuti feteleza munapeza thumba limodzi, ndathokoza Mulungu. Muthire kumunda wa kumtunda, wa kudambo umadzilimbira wokha. Ine ndili bwinoko. Ndaonda, koma si matenda.

Danai ali moyo. Anatuluka Khirisimasi itangopita. Watha thupi, mutu wokha ndi maso, ndipo sayenda, amachita kumunyamula. Sindinapite kukamuona. Ndinalira ndekha kuseri kwa bafa.

Mvula yagwa yambiri kuno. Kwa aja anagwetsa mapeyala madzi akumba chigwembe kuchokera pakhomo mpaka kumsewu, maziko a khonde ali poyera. Mphepo ya tsiku la Chaka Chatsopano inasasula madenga atatu kumtunda. Nyumba yathu ndi ya Mai Danai sizinagwedezeke, mphepo inathera mumtengo. Palibe amene wanenapo kanthu za zimenezi, inenso sindinganene.

Mvula ikakata dzuwa limabwera laukali, ndipo nyumba za kuno masana zimakhala ngati uvuni. Kuchipatala anauza makolo a Danai kuti mwana asamatuluke thukuta kwambiri. Tsiku loyamba Mai Danai anamugoneka m'nyumba, ndinkamumva akulira mpaka mawu kutha. Lachiwiri anayesa kukhoma chitenje pa mitengo iwiri ya mpanda, mphepo inachichotsa. Lachitatu ndinasuzumira pawindo. Anayala mphasa pansi pa mtengo wa malichi, mbali yawo, n'kumugoneka pamenepo. Mumsewu wonse mulibe mthunzi wina.

Amayi, mphasayo ili pansi penipeni pa kathumba kaja. Mai Danai amagona chagada pambali pa mwana, nkhope kumwamba. Ine ndimaima kuseri kwa katani, mbale ili m'manja, kupempha kuti mphepo isagwedeze masamba. Tsiku lililonse chimodzimodzi. Mwanayo akafika pamenepo amagona tulo tabwino, kukamwa kuli yasa.

Malichi apsa, mtengo wafiira wonse. Mai Makaiko alemba anyamata awiri othyola, ndipo aliyense akakwera ine ndimayang'anitsitsa nthambi imene akulowera. Mpaka lero sanafike ku nthambi imeneyo chifukwa ndi yopyapyala. Dzana lichi linagwera pa mphasa. Danai analitola, mayi ake analanda, mwana analira, kenako ndinaona akumusendera. Ndi chinthu choyamba chimene wadya osabweza, ndinamva akuuza mnzawo pampanda.

A Chrispen anola kale nkhwangwa. Amanolera panja kuti timve. Akuti nkhunizo analonjeza kale anthu a mabekari a kuseri, ophika buledi, poti chipatala chawadyera zonse. Sindikuwada, Amayi, ndikungowaopa. Mtengo ukagwa kathumba kadzaoneka pansi pamaso pa onse, ndipo adzati ndinabisa dala pamwamba pa mwana.

Ndatumiza malichi m'kachitini, mudye tsiku lomwelo, sachedwa kuda. Ndaikamonso sopo.

Mwana wanu,
Joyleen


Sakubva, Mutare
27 Januwale 2008

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine sindinavulale, palibe amene anandikhudza. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti muwerenge zotsalazo mtima uli pansi.

Mwaona kuti pamwamba ndalemba malo ena. Ndili kwa mchemwali wawo wa a Loice. Kalatayi itsogola ndi iwo. Ine ndikudikira lole yopita ku Tete, poti pa basi amafunsa mapepala. Ntchito yatha.

Zipatso zinatha sabata yapitayo. Loweruka a Chrispen anabwera ndi nkhwangwa, chingwe ndi amuna awiri. Mneneri uja anabweranso kuti adzapempherere chitsa. Anthu anadzaza msewu ngati tsiku lija. Koma Mai Danai anali pa mphasa ndi mwana, ndipo sanadzuke.

A Chrispen anati, "Mai Danai, chotsa mwana, tigwire ntchito."

Iwo anati, "Dulani. Koma muyambe mwandionetsa pamene ndikamugoneke mawa masana."

"M'nyumba muli chiyani?"

"Mukagonemo inuyo dzuwa lili pamutu, tione ngati mutuluke ndi nzeru."

Amayi ena anaseka, ena anati asiye mwano. A Chrispen anati, "Nawenso wadya za Mubhurandaya." Mai Danai anati, "Ndadya malichi, ndipo mwana wanu wadya. Inu mwamubweretsera chiyani, utsi?" Mayi wina wachikulire ananena kuti iye watopa kupsa ndi dzuwa podikira madzi pamene mthunzi ulipo. Wina anamuyankha kuti bola kupsa kusiyana ndi kuika mwana m'manda. Phokoso linakula, ndipo ndinaona anthu ayamba kutembenukira ku geti kumene ndinaima.

Mneneri anakweza ndodo. Anati choipa chimene chinamangidwa sichingakhale pawiri. Chili mumtengo kapena chili m'dzanja limene linamanga, ndipo chimodzi mwa ziwirizi chiyenera kuchoka mumsewu. Anandiitana kuti ndinene ndekha. Ndinayang'ana Mai Makaiko. Iwo ankayang'ana zala za kumapazi kwawo.

Sindikufuna mundiyese wolimba mtima, Amayi. Ndinali ndi mantha. Ndinaganiza kuti mtengo ukagwa kathumba kaoneka, ndipo andigwira pomwepo. Ndinaganizanso kuti ukagwa, mwana n'kubwerera m'nyumba yotentha ija n'kudwalanso, adzabwerabe kwa ine. Njira zonse zinkathera pa ine. Ndipo Danai anali mtulo pa mphasa, phokoso lonselo osalimva. Ndiye ndinalankhula. Chishona chinabwera chokha tsiku limenelo. Ndinati, "Mtengo sunadzimange. Ndinamanga ndine. Ndichoka."

Za ufiti sindinavomere, ndipo sindidzavomera. Koma palibe amene anafunsanso. Mneneri anawaza madzi pa thunthu n'kunena kuti mtengo wayera. A Chrispen anatukwana, anati nanga anthu a mabekari awauza chiyani, koma amuna awiri aja anali atakulunga kale chingwe chawo. Anandipatsa mpaka m'mawa.

Mai Makaiko anandilongedzera okha chikwama. Anaikamo mpunga, mafuta, nsapato zawo zakale ndi marandi zana. Sanandiyang'ane kumaso. Pomaliza anati, "Upite bwino, mwanawe," m'Chichewa chabwinobwino chimene sindinkadziwa kuti ali nacho.

M'mawa ndinatuluka msanga kuti ndisakumane ndi munthu. Nditatseka geti ndinamva, "Iwe Mubhurandaya." Chikwama chinagwa. Anali Mai Danai, ataima pampanda wawo, atafunda bulangete. Ndinayang'ana ngati kumbuyo kwawo kuli anthu. Anali okha.

Anati, "Kamene kali pamwamba apo. Ndinakaona tsiku loyamba limene ndinayala mphasa."

Ndinati ndinakaiwala, sindinabise dala, ndikulumbira.

Anati, "Khala chete, udzutsa anthu. Ndinakaona, ndinafuna kukuwa, koma mwana anali atagona koyamba pa masabata atatu. Ndinati ndikuwa akadzuka. Mawa lake chimodzimodzi. Ndakhala ndikukayang'ana mwezi wathunthu, mwana akunenepa pansi pake. Pulasitiki yang'ambika pang'ono, mukutuluka tinthu tofiirira ngati ndevu za chimanga."

Ndinati imeneyo ndi mizu, yakhwima.

Ndinayembekeza kuti anena kuti pepani, kapena kuti ndisapite akalankhula ndi anthu. Sananene. Anati, "Dzulo ndikanalankhula, akanati tonse awiri ndife amodzi. Ndili ndi mwana, ndili ndi banja pano." Ndinati ndamva. Ndipo ndinamvadi, Amayi, ngakhale zinandiwawa.

Kenako anafunsa kuti, "Ndiye ndikatani nako?"

Ndinawauza. Adule nthambi m'munsi mwa kathumba ndi mpeni wakuthwa, asathyole. Achotse pulasitiki mosamala, dothi lisagwe. Achepetse masamba. Abzale m'chitini chobowola pansi, achiike pamthunzi, azithirira pang'ono tsiku lililonse, ndipo asaike m'nthaka mpaka masamba atsopano atatuluka. Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza, iwo akuwerenga pa zala. Anafunsa kuti udzabereka liti. Ndinati Danai akadzayamba sukulu. Anati, "Nanga bambo ake akafunsa kuti ndautenga kuti?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Ndidzati ndagula ku tauni."

Anandipatsa chimanga chowotcha chiwiri chokulunga m'pepala, n'kulowa m'nyumba. Danai sindinamuone.

Amayi, anthu akafunsa mungonena kuti ntchito inatha chifukwa cha mavuto a ndalama a kuno, si bodza kwenikweni. Alamu musawauze zambiri. Kachipinda kaja musavutike kusesa, ndidzasesa ndekha. Sindikudziwa tsiku limene lole ipezeke, ndiye musapite kukandidikira pa Luchenza. Njira ndikuidziwa. Mukadzamva kugogoda musadzaope, ndidzakhala ine.

Ndine mwana wanu,
Joyleen